Bambo Akukana Kutsikira Kugombe

Tawau, Sabah
21 Sepitembala 1980

Okondedwa mayi a Linda,

Pepani kuti ndikukuvutitsaninso ndi kalata ina pamene ija mwangoiyankha kumene. Ndikudziwa kuti chilimwe chino simukhala pansi. Iwe Linda amene ukuwerengera amayi ako, werenga pang'onopang'ono, usadumphe mizere monga unachitira ulendo watha.

Moni kwa nonse. Bambo ali bwanji ndi mawondo awo aja? Mwana wathu Vester chifuwa chinatha? Ine kuno ndili bwino, ntchito ya m'munda wa koko ikuyenda. Chala chinachekeka pang'ono ndi mpeni wothyolera, koma si nkhani yotayirapo pepala.

Ndapatsira munthu wa ku Ende amene akubwerera kwawo maringiti makumi asanu ndi nsalu ziwiri. Adzazisiya ku Ropa kwa achimwene anu a Tarsi, iwo adzawolotsa pa boti lawo. Palafini mugule wa mwezi wonse nthawi imodzi, chifukwa ukamagula pang'onopang'ono amakubera pa botolo.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa. Mwanena kuti nsungwi zathu zitatu za kumunda wa kumtunda zikudontha madzi ambiri kuposa kale, moti chigubu chimene chinkadzaza madzulo tsopano chikudzaza dzuwa lisanafike pamutu. Mwalemba mokondwa. Ine sindikupeza nazo mtendere. Nsungwi zimenezo ndinazizika ndekha pamalo pamene nthaka imafuka nthunzi, ndinamata dothi ndi udzu ndekha, ndipo kadonthedwe kake ndikukadziwa. Nthunzi ikazizira m'nsungwi imapereka madzi a muyeso wake, siwonjezera popanda chifukwa. Mvula sinagwe. Ndiye madziwo akuchokera kuti?

Chonde chitani izi. Gwirani nsungwi pafupi ndi dothi, mundiuze ngati dzanja likupirira. Lawani madziwo musanawasakanize ndi ena. Ndipo muwafunse bambo, koma muwafunse ali okha, osati pa anthu.

Nthochi musazinyalanyaze chifukwa choti madzi achuluka. Zipalireni, ndipo potunga madzi a m'tsinde muziboola limodzi lokha pa tsiku monga mwa nthawi zonse.

Ndine mwamuna wanu,
Kanisius Wongga

Tawau
26 Okutobala 1980

Okondedwa mayi a Linda,

Kalata yanu yafika. Ndakondwa kumva kuti nonse mwadzuka bwino. Inenso ndadzuka.

Ndamva kuti mwandiseka, inu ndi Linda, kuti bambo a Linda amada nkhawa ngakhale ndi madalitso. Ndamvanso kuti amayi a kutsidya kwa khwawa akubwera ndi zigubu kudzatunga kwathu, akukusiyirani mphodza ndi mazira, ndipo a Domi akatekisti anathokoza Mulungu m'tchalitchi chifukwa cha nsungwi zathu. Kuthokozako sindikukana. Koma kumapeto mwaika mzere umodzi, wakuti bambo anapita okha kumunda ndi ndodo yawo, anaponda dothi ndi phazi losavala, anabwerera osalankhula, ndipo tsiku limenelo sanadye. Ine ndikuwerenga mzere umenewo wokhawokha.

Inu munabadwira ku Ropa, ku Flores kumene kuli mitsinje, ndiye za 1928 mumangozimva pa maliro. Ine bambo anandiuza kamodzi kokha, ndili mnyamata, tikumata nsungwi. Anati chaka chimenecho madzi awo anachuluka chonchi, ndipo anakondwa chonchi. Kenako phiri lathu la moto, Rokatenda, linatseguka. Anthu anathamangira kugombe, poti ndiko kutali ndi moto. Mbali ina ya chilumba inagumukira m'nyanja, nyanja inakwera katatu. Anthu anawapeza bambo atakakamira pamwamba pa mtengo wa mvumo. Amayi awo ndi alongo awo awiri, amene anatsika nawo limodzi, sanapezeke. Za 1964 munaziona nokha, Linda ali kumsana, koma ulendo umenewo nsungwi zathu sizinasinthe.

Ndinamufotokozera Laurens wa ku Adonara, amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Iye anangoseka.

"Akulu, anthu a ku Palue inu mumadabwitsa. Chilumba chopanda mtsinje, chopanda chitsime, mpunga osalima. Mumamwa thukuta la phiri, ndiye likachita thukuta lambiri mukuliranso?"

Ndinati, "Iwe ukaona munthu akutuluka thukuta ali chikhalire pamthunzi, umati ali bwino?"

Anasiya kuseka, nandipatsa fodya.

Mayi a Linda, mverani. Mphepo ya kuzambwe isanayambe, tengani ana ndi bambo muwolokere kwa a Tarsi. Nkhumba yaikulu gulitsani, musalole mtengo woyamba. Yaing'ono musiyire a Domi. Mbewu ya chimanga ndi ya mphodza muitenge m'nsungwi zotseka, isanyowe pa boti. Musadikire Khirisimasi. Mukudziwa nokha kuti Disembala akalowa mwini boti aliyense amakokera lake pamtunda.

Chala chikupola. Ndikulemba ndi pensulo chifukwa cholembera chikuterereka.

Ndine,
Kanisius

Tawau
23 Novembala 1980

Okondedwa mayi a Linda,

Moni. A Domi, zikomo potiwerengera tsopano pamene Linda wachoka. Pepani ndi zilembo zanga zokhota.

Ndinayamba kumva pa wailesi ya kapitawo. Pakati pa nkhani za malonda a koko ndi za mpira ananena mawu ochepa, akuti Rokatenda waphulika, kenako anaika nyimbo. Ndinakhala ngati wodwala mpaka kalata yanu itafika. Ndathokoza kuti muli moyo.

Mwachita bwino kukweza Linda ndi Vester boti la a Tarsi. Koma inu munatsaliranji? Ndikufunsa, koma yankho mwalemba kale. Mwati bambo anakana kutsika, ndipo anati, "Mpongozi, ine kugombe ndinatsikako ndi amayi anga, ndinabwerako ndekha. Moto ndimauona ukamabwera, ndimadziwa khwawa limene udzere. Nyanja siuza munthu. Pitani inuyo." Ndipo mwati inu munayankha kuti, "Bambo, minyanga ya njovu imene munapereka kwathu pondilowola sinali yogulira mlendo. Amene anandisiya pano ndi mwana wanu, ndiye adzandichotse."

Ndikukumbukira. Tsiku lonyamuka ndinakugwiritsani nsanamira yaikulu ya nyumba pamaso pa abale onse, n'kunena kuti bambo ndawasiya m'manja mwanu. Ndinkaganiza za mawondo awo ndi chakudya chawo, za phiri sindinaganize. Koma kuti ndinene kuti muwasiye, pakamwa panga pakukana. Ndi bambo anga. Muwanyengerere. Muwauze kuti Vester akuwafunsa. Aitaneni a Domi alankhule nawo.

Ndinapita kwa kapitawo kukapempha pasipoti yanga. Anali pa anthu. Anati, "Wongga, phiri lakolo likamva kuti wabwera lizima? Pangano lako likutha mu Juni. Pasipoti ili kwa bwana m'tauni, ine makiyi amene ndili nawo ndi a chipinda cha mankhwala opopera basi. Ukufuna amenewo ukapopere phirilo?" Anthu anaseka. Inenso ndinaonetsa mano, chifukwa ndi iye amene amagawa ntchito.

Phulusa muzilisesa padenga m'mawa uliwonse, likanyowa limalemera, lingakugwetsereni denga. Mitsuko yonse muzivindikira. Potuluka mangani nsalu yonyowa pamphuno, bambonso muwamange ngakhale akane. M'khwawa lalikulu musadutsemo, zungulirani ngakhale ndi kutali.

Mundiyankhe msanga.

Kanisius

Tawau
14 Disembala 1980

Okondedwa mayi a Linda,

Moni. Ndikhulupirira mukadali ndi mphamvu. Ine ndilipo.

Mwati madzi a m'nsungwi asanduka owawa, akununkha mazira owola, ndipo nsungwi imodzi yang'aluka ndi kutentha. Amenewo musamwe, ngakhale kuphikira ayi. Mwati nthochi zalemedwa ndi phulusa, masamba athyoka. Booleni zimene tsinde lake likadali lobiriwira, munsi kwenikweni, ndipo chibowocho muzichivindikira ndi chikamba cha kokonati. Ngati alipo amene akukwerabe mivumo, pemphani uchema wongogoma kumene, muziwapatsa bambo m'mawa usanawire. Inunso muzimwa. Ndikukudziwani.

Ndaganiza njira. Bambo saopa boti, amaopa kudikira pagombe. Ndiye asadikirepo. Ndalembera a Tarsi kuti mphepo ikangopuma abwere, aimike boti moyang'anana ndi mwala woboola uja, akweze nsalu yoyera pa nsungwi yaitali. Malowo amaoneka kuchokera pabwalo pathu. Mukangoona nsaluyo, amuna anayi awanyamule bambo pa machila, afune asafune. Atsike njira ya pamsana, osati ya m'khwawa, ndipo alowe nawo m'madzi mpaka m'boti osawatsitsa. Phazi lawo lisagunde mchenga. Machilawo mumangiretu, muwabise kuseri kwa khola. Amunawo muwapatse nkhumba yaing'ono ija, a Domi adzandikhululukira.

A Domi, kuyambira apa muwerengere bambo.

Bambo, ndine Kani. Chilumba chathu munthu amachizungulira ndi miyendo, ndipo chonsecho ndi phiri lomwelo. Palibe mtunda umene suli pamsana pa Rokatenda. Amene anatsala kumtunda ulendo uja anali ndi nthochi zoti amwe. Inu mutsala ndi chiyani? Inu nomwe munawolokapo zitatha zija, munakachira kwa abale ku Flores, phulusa litazizira munabwerera, munamanga nyumba, munabereka ine. Manda a amayi sachoka, mudzawapeza. Munthu amene akukuphikirani ali ndi ana awiri kutsidya. Chonde, bambo.

Mwana wanu,
Kanisius

Tawau
11 Januwale 1981

Mayi a Linda,

Sindikudziwa ngati kalata ino ikupezani. Ndikuitumiza kwa Linda, aipereke kwa aliyense wowoloka. Moni ngati mukundimva. Chilembere kalata yanga ya Disembala sindinalandire chilichonse chochokera kwa inu.

Zanu ndazimva kwa Linda, iyenso wazimva kwa anthu a kwathu amene ali m'misasa ku Ropa. Akuti a Tarsi anabweradi, nsalu inakwezedwa, amuna anafika ndi machila. Akuti anapeza bambo atatuluka kale, atakhala pa mwala wa makolo pakati pa bwalo, pamene timaika dzira ndi mpunga wa nsembe. Anati, "Mwabwera, ana anga? Ndinyamuleni pamodzi ndi mwalawu." Ndani angagwire munthu wokhala pamenepo? Amuna anayang'anana, natsika kukakwera boti okha.

Kulakwa ndi kwanga. Ndinalemba bwino mbali yoti bambo amve ndi yoti asamve, n'kuiwala kuti khoma lathu ndi la nsungwi ndipo a Domi akamanong'ona amamveka mpaka kukhola.

Akutinso a Tarsi anakwera mtunda wonse okha, nakukokani dzanja. "Densi, mlongo wanga, ukufuna ufere nkhalamba ya eni ake?" Inu munati, "Achimwene, nsanamira ija sindinaigwire ndi dzanja lanu." A Tarsi andilembera mawu amene sindingawabwereze pano. Sindikuwada.

Linda akuti nsungwi zonse zitatu zapsa. Akuti mukuyenda mpaka kumpoto kwa chilumba kukapempha madzi, kudutsa m'makwawa amene ndinakuletsani, chifukwa njira ina palibe. Akuti mapazi anu anapsa ndi phulusa lotentha, mwawakulunga sanza. Akuti mumamwa otsala bambo akamaliza. Kodi ndi zoona? Nanga mvula imene yayamba, akuti ikugwa yamatope, yosamweka. Mwayesa kuisefa ndi nsalu n'kuisiya idikhe?

Ine ntchito ikundikanika. Chala chija kulibenso, anachichotsa kuchipatala, koma zinayizi zikugwira. Andiika koyanika koko, malipiro atsika. Si nkhani.

Dzulo Laurens anati, "Akulu, mukuyenda ngati nkhuku ya chitopa. Lembani mawu amodzi, mayiyo atuluke."

Ndinati, "Iwe ungalembe ndi dzanja lako kuti bambo ako afe ndi ludzu?"

Anati, "Madalawo zaka zawo anadya kale. Amake ana anu adya zingati?"

Ndinamutukwana. Sitikulankhulana, koma mawu akewo sakuchoka m'khutu.

Chinanso chimene sindinauze munthu ndi ichi. Bwanji ngati bambo ndi amene akunena zoona? Ndikakuuzani kuti tsikani, n'kukhala kuti tsiku limenelo ndi limene phiri likugumukira m'nyanja, ndidzati ndani wakuphani? Kumtunda kuli ludzu, m'khwawa muli moto, kugombe kuli zija za bambo. Ndikuzungulira chilumba chonse m'mutu mwanga kufuna pokuikani, sindikupapeza.

Ndipatseni nthawi pang'ono. Pirirani.

Kanisius

Tawau
1 Febuluwale 1981

A Domi, Linda akuti mukadali pachilumba ndi anthu ochepa otsala. Kalata ino muiwerengere m'nyumba, bambo ali pomwepo. Musapite nayo kuseri, musatsitse mawu, musadumphe kanthu.

Mayi a Linda, moni. Bambo, moni. Ine ndili moyo.

Ndinapempha nthawi ngati kuti nthawiyo ndi yanga. Linda walemba kuti mayi wina wa kwathu amene wawoloka posachedwa anakuonani mutagwa panjira ya kumpoto, chigubu chili pamutu, ndipo podzuka munayamba kuyang'ana chigubu musanayang'ane bondo lanu. Walembanso kuti boti la ansembe likumawoloka mphepo ikapuma, kudzatenga otsala.

Ndiye mverani, ndipo a Domi akhale mboni. Gaudensia, ine Kanisius Wongga, amene ndinakugwiritsani nsanamira ya nyumba ya bambo anga, ndikuti chotsanipo dzanja. Ndakumasulani. Zimene ndinakusiyirani mwazisunga kuposa ine mwana wawo. Wa mtundu wathu aliyense amene adzafune kuloza chala aloze ine. Boti likaoneka, tsikani njira ya pamsana, musaime pamchenga, lowani m'madzi mukwere. Za nyanja sindikudziwa, sindikunamizani. Koma za ludzu ndikudziwa.

Musananyamuke chitani izi. Madzi onse amene muli nawo muthire m'zigubu zing'onozing'ono, chifukwa chachikulu sangachipendeke, ndipo muziike pansi pafupi ndi mphasa yawo. Chinangwa chouma musinjiretu. Mpeni woboolera nthochi, machesi ndi korona muwaikire kumutu. Ndodo yawo ikhale pamene dzanja lifika. Chitseko musachimange kunja. Mukatero musakhalenso pansi kuti mutsanzike kawiri.

Bambo, mwamva nokha, sindinabise. Ngati muli ndi temberero, dzina langa mukulidziwa, munalipereka ndinu. Mpongozi wanu musamugwire mwendo ndi mawu, ngakhale ndi kukhala chete kwanu kuja. Muuzeni ndi pakamwa panu kuti apite, monga munanenera poyamba. Machila akadali kuseri kwa khola, ndipo a Domi ndi anzawo akhoza kukunyamulani ngati mutanena nokha. Sindikukukakamizaninso. Mukatsala, gwiritsani bwino madziwo, ine ndikubwera kudzakhala nanu.

Ndikubweradi. Laurens wandipezera munthu wa bwato la matabwa amene amawolotsa anthu kupita ku Nunukan, m'dziko lathu, osafunsa pasipoti. Malipiro amene bwana akusunga atsale. Bwatolo linyamuka m'mawa mwake mwa Lachitatu la Phulusa. Laurens akuti, "Akulu, kwanu Lachitatu la Phulusa linayamba mu Novembala, ansembe asavutike n'kukupakani." Ndinaseka koyamba chaka chino. Akuti ndikagwidwa panjira adzakulemberani ndi iye.

Ndikachoka pano palibe kalata imene idzandipeze mpaka nditafika, ndipo ulendowo ndi wautali kuti munthu auyende osadziwa. Choncho ndikupempha yankho lisanafike Lachitatu la Phulusa, pa 4 Malichi. Kalata ichedwa. A Tarsi apite ku Maumere akatumize telegalamu pa dzina la Laurens, osati langa, kapitawo angaione. Asataye ndalama ndi moni. Mawu amodzi akwana: "Ndawoloka," kapena "Tawoloka." Aimirire pomwepo mpaka aone ndi maso awo kuti wolembayo sanalakwitse zilembo zoyambirira.

Mwamuna wanu, ndi mwana wanu,
Kanisius